Kodi liwu la Chingerezi lakuti "loot" lidachokera kuti?

FUNSO: Akonzi, m'manyuzipepala a Chingerezi ndimakumana ndi liwu lakuti "loot" pa nkhani za kuthyola masitolo nthawi ya zionetsero, komanso pa nkhani za kusolola ndalama za boma. Kodi limasiyana bwanji ndi kuba wamba, nanga lidachokera kuti? Ndine mphunzitsi wa ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe.

YANKHO: Aphunzitsi, liwuli Angerezi adachita kulitenga ku India. M'Chihindi, "lut" ndi katundu wolandidwa mwankhanza, ndipo muzu wake uli m'Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha kumeneko. Lidalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene kampani ya East India Company inkakulitsa ulamuliro wake m'dzikolo, ndipo asilikali ankaligwiritsa ntchito ponena za chuma chimene ankagawana akagonjetsa mzinda.

Pofika m'chaka cha 1860 liwuli lidali litazolowereka kwambiri. Chaka chimenecho asilikali a Britain ndi France adakokolola chuma cha m'nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan pafupi ndi Beijing, ndipo kagalu kamene adakatenga kumeneko adakapereka kwa Mfumukazi Victoria, nkukatcha dzina lakuti Looty. Dzinalo likusonyeza kuti olandawo sankachita nazo manyazi ngakhale pang'ono.

Apa mpamene pagona kusiyana kumene mwafunsa. Wakuba amazemba, amadikira mdima ndipo amaopa kugwidwa, pomwe ochita "loot" amakhala gulu, amatenga dzuwa likuswa mtengo, chifukwa nkhondo, chipolowe kapena ngozi yachititsa kuti pasakhale wowaletsa. Zimene zidachitika pa 20 Julaye 2011 muno mu Lilongwe, anthu akutuluka m'masitolo atasenza matumba a shuga ndi katundu wina, ndi chitsanzo chake. Liwu lathu loyandikira kwambiri ndi kufunkha, limene ambiri timalidziwira m'Baibulo pamene akunena za zofunkha za kunkhondo.

Atolankhani atayamba kulemba za Cashgate m'chaka cha 2013, adaligwiritsanso ntchito ponena za mabiliyoni amene adasololedwa ku Capital Hill, ndipo ine ndikuona kuti adalondola, pakuti ndalamazo zidatengedwa ndi anthu ambiri, mobwerezabwereza, ena mwa iwo ali omwewo amene adapatsidwa udindo wozisunga. Dziwaninso kuti pocheza Angerezi ena amati "loot" pongotanthauza ndalama, koma ophunzira anu asamalembe tanthauzo limeneli pa mayeso.