Za jekete ya agogo ija

Moni nonse pagulupu. Tadikirani ndizimitse kaye mashiniwa kuti mundimve bwino. Eya. Ndikuyankha iwe mwana wa achimwene, pa zomwe wafunsa za jekete ya malemu agogo ako yomwe wapeza m'sutukesi. Wati mkati mwake muli kansalu kojambulidwa kampira kokhala ndi mtanda pamwamba, ndiye ukufunsa ngati ndi chovala cha kutchalitchi, komanso ngati ungayinyike m'madzi otentha ndi sopo kuti fungo lichoke. Ndiyambe ndi lachiwirilo chifukwa mtima wanga uli m'mwamba. Usayerekeze, mwana wanga. Ngati wateleka kale madziwo, uwaphule.

Chithunzi chomwe watumiza chija ndachikulitsa ndipo mawu akuwerengeka bwinobwino, Harris Tweed. Si za tchalitchi ayi. Ndi chizindikiro cha nsalu ya ubweya wa nkhosa yochokera ku zisumbu za Outer Hebrides, kumadzulo kwa Scotland, monga Lewis ndi Harris. Kampirako amakatcha Orb, ndipo kanalembetsedwa mu 1910 pofuna kuthana ndi anthu omwe ankagulitsa nsalu za m'mafakitale n'kumanama kuti ndi za kuzisumbuko. Mu 1993 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inachita kuyiikira lamulo lakelake. Tangoganiza, nsalu kukhala ndi lamulo! Limati ubweya ukhale weniweni, watsopano, unyikidwe mu utoto ndi kupotedwa kuzisumbu komweko, ndipo nsaluyo iwombedwe ndi munthu wa konkoko, pakhomo pake. Makina owombera ake alibe injini. Munthu amachita kupalasa ndi miyendo ngati ali panjinga, tsiku lonse, m'kashedi kuseri kwa nyumba. Akamaliza imapita kukatsukidwa, kenako woyendera wa bungwe la Harris Tweed Authority amayiyang'ana ndi kuyidinda kampira kaja.

Tsopano chita ichi, panopa ukundimveramu. Tenga jeketeyo upite nayo pawindo, uyandikitse mkono wake kumaso. Patali ukuona ngati ndi yofiirira basi, eti? Koma uona kuti mu ulusi umodzi womwewo muli kachikasu, kobiriwira, kofiira, mwinanso kabuluu. Chifukwa chake n'chakuti iwowo sanyika ulusi wopota kale. Amayamba anyika ubweya uli wosapota, mitundu payokhapayokha, n'kuusakaniza mochita kuyeza pasikelo, kenako n'kupota. Ine zaka zonsezi ndili pa utelala, palibe nsalu imandigwira mtima ngati imeneyi. Ndikamayidula ndimayamba ndaima kaye, lumo lili m'manja, kumangoyang'ana.

Kale utoto ankaupeza pamiyala. Ankapala ndere ina yomwe amayitcha crotal n'kuyiwiritsa pamodzi ndi ubweya, ndipo inkatulutsa mtundu wofiirira ngati dothi lakatondo. Nsaluyi poyamba inali yongovala eni ake, m'chinenero chawo cha Gaelic amati Clò Mòr, kutanthauza nsalu yaikulu. M'zaka za m'ma 1840 mayi wina, Lady Dunmore, yemwe banja lake linali ndi malo ku Harris, ndiye anayamba kuyitsatsa kwa anzake olemera, malonda n'kuyambika. Pofika 1966 ankatulutsa mayadi opitirira 7 miliyoni pachaka, kenako nsalu zotchipa zopangidwa ndi mankhwala zitabwera, msika unagwa kwambiri, owomba ambiri n'kusiya. N'chifukwa chake ndikuti wagwira chinthu chamtengo.

Ndibwerere ku madzi otentha aja, chifukwa mbiri yomweyi ikufotokoza. Kaubweya kalikonse kali ndi timamba tating'onoting'ono ngati ta nsomba, tosaoneka ndi maso. Ubweya ukanyowa, ukatenthedwa, n'kumautikita, timambato timakolana ndipo sitimasukanso. Amayi a kuzisumbuko ankadziwa zimenezi ndipo ankachita dala. Nsalu ikachoka pa makina ankayinyowetsa, kale ankagwiritsa ntchito mkodzo wogonetsa, inde, usaseke, umachotsa mafuta a ubweya. Ankakhala mozungulira tebulo n'kumayimenyetsa pathabwa, kupatsirana dzanja ndi dzanja, uku akuyimba nyimbo kuti manja aziyendera limodzi. Nsalu inkabwerera, n'kukhuthala, mphepo ya kunyanja osalowa. Koma iwo ankadziwa polekera, ankayeza ndi zala. Iweyo ukayichapa m'beseni ubwereza ntchito yomweyo popanda muyezo. Ndinaonapo ndi maso anga, bambo wina anabwera nayo itachapidwa choncho, mikono italekera m'zigongono, nsalu ya mkati ikulendewera kunja chifukwa iyo sinabwerere, mapewa atakhwinyata. Anandichonderera kuti ndikonze. Ndinalephera, ndipo zinandiwawa mpaka lero.

Ndiye za fungolo, ingoyipachika pa hang'ala yokhuthala pamthunzi podutsa mphepo, masiku awiri kapena atatu. Ubweya umataya fungo wokha. Uyipukute ndi bulashi yofewa, kutsika nayo pansi. Pakakhala banga, kansalu konyowa ndi madzi ozizira, kumangodinda, osatikita. Ikafuna kuchapa kwenikweni, ipite kwa ochapa zovala popanda madzi. Posita uziyala nsalu yonyowa pamwamba, simbi isakhudze ubweya, apo ayi iwala ngati galasi. Ndipo uyang'anitsitse m'khwapa, pansi pa kolala ndi m'matumba ngati njenjete zinaboola, chifukwa yakhalitsa m'sutukesi. Ukapeza timabowo usadandaule, nsaluyi imalola kuphatika, ndimasolola ulusi mumpendero wamkati n'kuluka pomwepo, osaoneka.

Wanenanso kuti mikono yakutalikira. Usapereke kwa wina aliyense kuti adule, chonde, ubwere nayo kuno ndipinde ndekha. Agogo ako anali ndi mapewa ngati akowo, ikukhala. Unditumizirenso chithunzi cha kansalu kaja chapafupi, ndione bwino momwe anakalembera, pena timatha kudziwirapo kuti ndi ya zaka ziti. Achimwene, ngati mukumva, kodi mukukumbuka kuti bambo anayamba liti kuvala jekete imeneyi?