Mipando ya miyendo yosongoka imawoloka malire movutikira, mphwanga

Mphwanga, wafunsa kuti geni ya mipando yakale imayenda bwanji: timaipeza kuti, timadutsa nayo bwanji m'malire, ndipo munthu ayambe ndi mpamba wotani. Ambiri akandifunsa zimenezi ndimangowayang'ana, chifukwa amafuna ndiwapatse pa ulere zimene ine ndinalipira ndi misozi. Koma iwe wafunsa mwaulemu, ndiye tchera khutu.

Si mpando uliwonse wothyoka umene uli ndalama. Ife timasaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960, kulowako pang'ono m'ma 1970. Mipando ya miyendo yowonda yosongoka kunsi, ma sideboard, makabati aja osungiramo mbale, aatali koma aafupi msinkhu, matebulo osalala opanda maluwa osema. Zimene agogo ako anaziponya kukhitchini atagula sofa yonyezimira ya pangongole, ku Johannesburg ndi ku Cape Town anthu amazilimbirana. Pita ku Woodstock, ku Cape Town komweko, ukaone mitengo imene amalemba, ubwerako utagwira pakamwa.

Katunduyu anabwera ndi azungu, makamaka nthawi ya Chitaganya, 1953 mpaka 1963. Ankatsika naye pa doko la Beira n'kukwera naye sitima ya pamtunda. Angelezi ankakonda mipando ya G Plan, imene inayamba kupangidwa mu 1953 ku High Wycombe ku England, ndi ya Ercol ya m'tauni yomweyo. Amene anali ndi ndalama zenizeni ankaitanitsa za ku Denmark. Pochoka sanathe kunyamula zonse. Zina anagulitsa pa okushoni, zina anasiyira akhuki, alonda ndi makalaliki awo. N'chifukwa chake amene amangozungulira kumayadi amabwerako chimanjamanja. Ine Ercol yabwino kuposa zonse ndinaipeza ku Ndirande, pakhonde, atakhazikapo ndowa ya madzi. Pokhalira pake panali bwalo lakuda la ndowayo, koma nditaitembenuza ndinapeza miyendo yonse inayi ili gwa, yosagwedera ngakhale pang'ono. Mayi wa nyumbayo ndinamupatsa mtengo woti anaitana mwana wake adzawerengenso ndalamazo. Ine sindibera amasiye. Alipo anzathu amatero, amapereka ya sopo n'kukagulitsa marandi masauzande. Mayina awo ndikuwadziwa, ndipo khomo limene alowapo kamodzi salowaponso.

Nyumba imakuuza yokha zimene zili m'kati. Ukaona denga lotsika, mawindo aakulu achitsulo, khoma la njerwa zobowola zolowetsa mphepo, pansi pa timatabwa toyalidwa mopingasa, gogoda. Zilipo ku Sunnyside, ku Namiwawa, ku Zomba m'munsi mwa phiri, m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ku Harare pita ku Avondale, ku Bulawayo pita ku Hillside. Diso limeneli palibe anandiphunzitsa. Ndinalinola ndekha poyenda, mpaka ku Maputo ndinakaima kutsogolo kwa nyumba ija yojambulidwa ndi katswiri wa zomangamanga Pancho Guedes, yotchedwa Leão Que Ri, ndikuyang'ana ngati mwana. Ku Beira ndinaona Grande Hotel, imene anaitsegula m'ma 1950 n'kuitseka mu 1963. Lero mukukhala anthu masauzande, matabwa a pansi anazula kalekale n'kusonkhera moto. Sindiwaweruza, munthu aphike ndi chiyani? Koma mtima unandiwawa tsiku lonse.

Usanyoze za ku South Africa komweko. Zopangidwa ndi DS Vorster, Artecasa, Frystark, za John Tabraham, zonsezi zili ndi ogula awo. Zambiri ndi za imbuia, mtengo wochokera ku Brazil, zina ndi za kiaat. Ndipo kiaat ameneyu ndi mlombwa wathu womwewu, umene a ku Zimbabwe ndi ku Zambia amati mukwa. Ife timaupanga zitseko za bafa, eni ake amaupukuta ndi kansalu kofewa.

Chinthu chimodzi ndikuchenjeze, ndipo ukachiphonya usadzandipatsenso moni. Usapereke katundu wotere kwa kalipentala wa pamsewu kuti "amukonze". Ma sideboard ambiri pamwamba pake ndi veneer, kachikopa ka mtengo wa teak kopyapyala kosakwana milimita imodzi. Iye amabwera ndi sandipepa wokhakhala, kukwecha kawiri katatu wabowola, kenako n'kuthira vanishi wonyezimira ngati galasi kuti abise. Basi, ndalama yapita. Teak safuna vanishi, amafuna mafuta ake ndi dzanja lodekha. Chizindikiro cha pansi pa mpando, kaya ndi kapepala kong'ambika, kaya ndi chidindo chowotcha, usachichotse. Wogula weniweni asanakhale n'komwe pampando amayamba wautembenuza.

Za malire wafunsazo. Njira ukuidziwa kale, Mwanza, Tete, Harare, Beitbridge, mpaka Joni. Mapepala aliyense amadziwa. Chimene sudziwa n'choti mapepala ako akhoza kukhala oyera ngati ufa woyera koma munthu mmodzi wovala yunifolomu n'kukugwetsa pansi.

Unali mwezi wa Januwale, chaka chimene mtengo wa mukula unali pakamwa pa aliyense. Banja lina lachikulire la ku esiteti linkabwerera kwawo, ndipo anandiitana ine, osati wina aliyense, chifukwa mbiri yanga inali itafika kale. Nditalowa m'chipinda chodyera miyendo inandizizira. Mipando isanu ndi itatu ya mmisiri wotchuka Niels Møller, ya ku Aarhus ku Denmark, yonse ndi chidindo chake chozungulira cha amisiri a ku Denmark, pokhalira pake polukidwa ndi chingwe cha pepala chopota, chosaduka ngakhale pamodzi. Sideboard ya teak ya zitseko zotsetsereka, ukaikankha ndi chala chimodzi imayenda yokha. Ndiponso tebulo lalikulu la mlombwa limene mmisiri wa konkuno anawapangira m'ma 1960 potengera kapangidwe ka mipandoyo. Mmisiri ameneyo dzina lake palibe analisunga, koma ndikukuuza, polumikiza matabwa ake sukanalowetsapo ngakhale lezala. Tebulo limenelo ndinalikonda kuposa za azunguzo.

Wogula ndinali naye kale ku Johannesburg, mayi wina amene ankatsegula nyumba ya alendo ndipo tsiku lotsegulira anali atalengeza. Ndalama zanga sizinakwane. Ndinatenga katapila, ndikuwerengera kuti pakatha sabata ziwiri ndabweza. Ndinakulunga mwendo uliwonse ndi bulangete, ndinamanga ndekha, woyendetsa thiraki sindinamulole kukhudza chingwe.

Pa chipata china, sinditchula kuti ndi chiti, bwana wina anakwera m'thiraki n'kuvundukula tebulo lija. Anatulutsa kiyi wa galimoto m'thumba, n'kukanda kunsi kwake, kulavulira chala, kupaka pokandapo. Pamene panafiira anandiyang'ana n'kunena kuti uwu ndi mukula, katundu yense watsala. Ndinamuuza kuti bwana, uwu ndi mlombwa, ndipo tebuloli ndi lakale kuposa inu ndi ine. Ndinamuonetsa kalata ya eni ake, risiti, zithunzi zakale za banjalo litakhala patebulo lomwelo ana ali aang'ono. Sanayang'ane n'komwe. Mlombwa ndi mukula ndi pachibale, zoona, yonse imatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Mukula unalowetsedwa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama zimene zikutha, mu 2019, pamodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo zinayenera kutero chifukwa nkhalango zinkatha. Koma lamulolo limanena za zipika ndi matabwa ocheka, osati tebulo limene anthu adyerapo zaka makumi asanu. Iye ankadziwa zimenezo. Zipika zenizeni zinkadutsa usiku pa malole, ife tonse tinkaziona. Anasankha ine chifukwa anaona mabulangete atsopano n'kuganiza kuti apa pali nyama.

Madzulo ake anatumiza dobadoba kudzandinong'oneza mtengo. Sunali wa fanta, mphwanga. Unali pafupifupi theka la phindu lonse. Ndinakana. Mpaka lero ndimanyadira kuti ndinakana, ngakhale anzanga ena amati ndinapusa.

Anatsitsa katundu yense, ngakhale mipando ya ku Denmark imene sinali m'nkhaniyo, n'kumuika pabwalo la kuseri kumene amaunjika matayala ogwidwa. Woyendetsa thiraki anali ndi katundu wa anthu ena, sakanadikira. Anapita ndi tenti yake. Ndinathamanga kumsika kukagula mapepala apulasitiki akuda aja ofolerera nyumba, koma mlonda wa pageti anati kulowa m'bwalomo n'koletsedwa popanda chilolezo cha bwana, ndipo bwana anali atapita. Usiku umenewo inagwa mvula ya Januwale imene ukuidziwa. Ine ndinaima kunja kwa waya, ndikuwalitsa tochi ya foni, ndikuona madzi akudikha pamwamba pa sideboard.

Masabata anadutsa. Ndinkagona pakhonde la sitolo ina, m'mawa uliwonse kupita kuofesi, kuuzidwa kuti wa zankhalango sanabwere, bwerani mawa. Dzuwa likatentha, mvula ikagwa, dzuwa likatenthanso. Veneer inayamba kutukuka m'mphepete n'kupindika. Guluu wa m'malumikiziro a mipando anasungunuka, ukagwira chotsamira chimatsala m'manja. Chingwe cha pepala chija chinada ndi nkhungu n'kuyamba kuduka chokha. Ukudziwa kuti mpando umodzi wotere umadya chingwe choposa mamita 100, ndipo woluka bwino kuno kulibe? Mayi wa ku Johannesburg anadikira mmene akanathera, kenako anagula kwa wina. Sindimuimba mlandu. Wakatapila yekha ndiye sanaphonye tsiku, ankaimba m'mawa ndi madzulo, chiwongoladzanja chikuberekana.

Wa zankhalango atabwera sanathe ngakhale mphindi zisanu. Anagogoda tebulo, ananunkhiza, anaseka, n'kulemba kuti ndi mlombwa wakale, katundu apite. Ndiye tamvera izi: anandilipiritsa ndalama yosungira katundu. Yosungira! Pabwalo la matope, popanda denga, ndinalipira tsiku lililonse limene katundu wanga ankaola. Bwana uja anadinda yekha pepalalo, osandiyang'ana kumaso. Ndinagulitsa puloti yanga ya ku Chileka kuti ndithane ndi katapila. Mkazi wanga anasenza nyumba yonse ndi geni yake ya mandasi chaka chimenecho, ana osasiya sukulu. Munthu ameneyo ndimamuonabe ndikamadutsa, wanenepa, ndipo amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Mipando ija sindinaitaye. Ndinaimasula umodziumodzi, ndinapala guluu wakale, ndinaitanitsa chingwe ku Cape Town, ndinaphunzira kuluka ndekha usiku, zala zikutuluka magazi. Inatenga nthawi, koma inagulidwa, ndipo amene anaigula anandifunsa kuti analuka ndi mzungu wa kuti. Sideboard ndiyo sinachire. Tebulo la mlombwa, lija anati ndi mukula, linangofuna kupukuta ndi mafuta. Mvula yonse ija silinapindike ngakhale pang'ono. Limenelo sindigulitsa, tikudyerapo kunyumba, ndipo kukanda kwa kiyi kuja kukadalipo kunsi.

Tsono iwe dziwa mitengo yako kuposa amene akukufunsa. Kuyambira 2023 mlombwa nawonso uli pa mndandanda uja, ndiye akamakanda tebulo lako adzakhala ndi chonamizira chatsopano. Ndipo pali umodzi umene lamulo limaluma zenizeni ngakhale pa mpando womalizidwa: rosewood wa ku Brazil, woletsedwa kuyambira 1992. Za ku Denmark zambiri zodula ndi za mtengo umenewu, ngakhalenso mpando uja wotchuka wa ku America wa Eames wa 1956 unkakutidwa ndi womwewo. Ukaona thabwa lakuda la mizere ngati ya moto, usalikweze m'thiraki popanda chikalata chosonyeza kuti linapangidwa chiletso chisanabwere. Pamenepo akakugwira sindidzakumvera chisoni.

Zoumba ndiye ndimazikonda mwapadera, chifukwa sizifuna thiraki. Linnware ya ku Olifantsfontein, ya mtundu wobiriwira wopita ku buluu, mbale za Kalahari, miphika ya ku Rorke's Drift yolembedwa dzina la woumba kunsi. Ndimakulunga m'chitenje n'kufukata pamiyendo ulendo wonse wa basi. Pa malire amaziona ngati mbale za kukhitchini, ndipo ine sindiwatsutsa. Mbale imodzi yotere inandilipirirapo ulendo wonse, kupita ndi kubwera. Koma iombe ndi chikhadabo usanagule. Yabwino imalira, yong'aluka imangoti phu, ngakhale mng'aluwo usakuoneka.

Za mpamba, sindikupatsa nambala. Yamba ndi zimene ungathe kutaya osagulitsa puloti, ndipo katapila usamuyandikire. Miyendo ya G Plan yambiri imamasuka, imasule, zomangira zake uike m'kathumba n'kumatirira m'dirowa momwemo, chifukwa zikatayika za saizi imeneyo suzipeza m'sitolo za kuno. Jambula chilichonse musanakweze, kunsi komwe. Tenti gula yako, usadalire ya dalaivala. Ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi ine sindinyamula veneer, ngakhale wogula alire bwanji pafoni.