Funsani za agalu: mkute wokha sungakwanire galu woyamwitsa

Moni nonse akwathu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mameseji abwera ambiri mwezi uno moti sinditha kuyankha onse, ndasankha okhawo amene ndaona kuti akachedwa yankho galu afa kapena munthu avulala. Maina sindilemba monga mwa nthawi zonse.

*Zikomo. Ine ndine mayi wa ku Chitakale, galu wanga waswa ana 7 masabata atatu apitawo koma waonda zomvetsa chisoni nthiti zonse pamtunda. Ndimampatsa mkute m'mawa ndi nsima yotsala madzulo ngati kale lonse. Tiana tiwiri tinafa usiku wina kuli chiperoni ndipo totsalato timimba tatupa. Anthu ayamba kale kudzapempha, nditipereke kuti mayi wake apume?*

Mayi, mwachita bwino kufunsa koma musatipereke kaye chonde. Vuto lili mu mawu mwanenawo oti "ngati kale lonse". Galu woyamwitsa makamaka sabata yachitatu ndi yachinayi amafuna chakudya kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi masiku onse, nde inu mukumpatsa muyezo wakale pomwe pakamwa pokoka mkaka pali pasanu, thupi lake ndi limene likusungunuka kuti mkakawo utuluke. Komanso nsima payokha imangodzaza mimba, zomanga thupi mulibemo zokwanira.

Sindikunena kuti mukagule chakudya cha m'matumba cha ku Blantyre ayi, ndikudziwa mmene zinthu zadulira. Phikani phala lolimba la mgaiwa kapena madeya, muthiremo bonya kapena usipa wosinja (ngati ndi wamchere uja tsukani kaye), tsiku lina dzira lowiritsa, tsiku lina maungu kapena mbatata yophika, mukapita kumsika pemphani zotsala kwa ogulitsa nyama monga mapapo ndi zam'mimba muwiritse bwinobwino msuzi wakenso muthire mu phala lomwelo. Ngakhale nandolo wophika mpaka kufewa amathandiza, paja kwathu kuno nandolo sasowa. Mudzimpatsa katatu kapena kanayi patsiku, ndipo madzi abwino asamachoke pafupi chifukwa woyamwitsa amamwa kwambiri. Chimodzi chokha musamale, ndiwo zotsala za anyezi wambiri zisamapite kwa galu, anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake pang'onopang'ono osaonekera msanga. Mafupa a nkhuku ophika nawonso ayi, amasweka mosongoka ndipo amatha kubaya kukhosi kapena matumbo.

Za tiwiri tinafato zandikhudza. Kamwana ka galu masabata oyambirira sikatha kudzitenthetsa kokha, kamadalira thupi la mayi ndi anzake, nde mphepo ya chiperoni ya June ndi July kuno kuphiri ikapeza tagona padothi ponyowa kuseri kwa khitchini ndi momwemo. Ikani katoni kapena dengu lakale pamalo posafika mphepo, pansi muyale ziguduli zouma ndipo muzisintha zikanyowa.

Timimba totupato kawirikawiri ndi njoka za m'mimba. Tiana tambiri timabadwa nazo kale kuchokera kwa mayi, zinanso zimadzera mu mkaka. Mankhwala a njoka amayenera kuyamba pa masabata 2, kenako 4, 6 ndi 8, kuchoka apo mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, akakula miyezi itatu iliyonse. Mayi wakenso amwe nthawi yomweyo. Muyezo umayendera kulemera kwa galu ndiye musangogula piritsi pagolosale n'kumanyema mongoganizira, pitani kwa alangizi a ziweto a dera lanu akuuzeni. Ndowe zawo muzikwirira, ana anu asamasewere pamenepo chifukwa njoka zina za agalu zimalowanso mwa anthu.

Pano mutha kuyamba kutiphunzitsa kunyambita phala lamadzimadzi la usipa wosinja mu mbale yosazama, izi zichepetsa katundu kwa mayiyo. Mkaka wa ng'ombe ambiri umawatsegula m'mimba, musadalire umenewo. Opemphawo auzeni adikire mpaka masabata 8, ndipo muwauze kuti pa masabata 6 mpaka 8 pali katemera woyamba wa matenda monga parvo amene amafunika kubwereza. Ine ndinatayapo kagalu kanga ka miyezi itatu ndi parvo chifukwa wondigulitsayo anati kanabayidwa kale ine n'kukhulupirira osafunsa khadi, kanasanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi zonunkha masiku atatu basi n'kupita, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

*Ndili mbali ya ku Thyolo kufupi ndi esiteti. Galu wathu anadzuka miyendo yakumbuyo yofooka akunjenjemera, anasanzanso kamodzi. Mawa lake madzulo anali bwinobwino ngati palibe chinachitika. Apongozi akuti wina anamuthira mankhwala kapena ndi zamasalamusi. Dzulo lake ana ankaswa makadamiya pakhonde iye akutola.*

Achimwene yankho mwalipereka nokha m'chiganizo chomalizacho. Mtedza wa makadamiya ndi wabwino kwa anthu koma kwa galu ndi poizoni, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezo mwafotokozazi, kufooka miyendo yakumbuyo, kunjenjemera, kusanza, thupi kutentha, zimayamba pasanathe maola 12 ndipo ambiri amachira okha pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Auzeni apongozi mwaulemu kuti asakayikire aneba. Akanakhala tameki amene akuba amaika mu nyama mukanaona dovu lambirimbiri, kutsegula m'mimba, kuphupha, ndipo zimachitika mofulumira kwambiri mwina m'mphindi zochepa, pamenepo mpofunika kuthamangira kwa dokotala wa ziweto osadikira kuti kuche. Poti tili kudera la tiyi ndiwonjezere kuti tiyi, khofi ndi chokoleti nazonso si za galu. Ndipo galu akadwala musamupatse Panado kapena Brufen wa m'nyumba, zimaononga chiwindi, impso ndi chifu chake. Koma galu akafooka miyendo osadya makadamiya, khalidwe lasintha, akulephera kumeza, musamugwire kukamwa, mwina ndi chiwewe, werengani funso lomaliza m'munsimu.

*Bwana, ndimuchite bwanji galu kuti akhale wolusa? Anzanga pa Luchenza akuti ndizimuthirira kambuzi mu nsima, kumusutitsa chamba ndi kumutsekera mumdima osaona anthu.*

Musachite chilichonse mwa zimenezi. Tsabola amangomuwotcha m'mimba, chamba chimamudwalitsa mpaka kumayenda dzandidzandi ndi kudzikodzera, ndipo galu wokulira mumdima pa tcheni amakhala wamantha, woluma aliyense osasiyanitsa wakuba ndi mwana wanu wobwera kusukulu. Galu wolondera bwino ndi amene akudziwa anthu apakhomo, wakhuta, ali ndi mphamvu ndipo amauwa akamva zachilendo, kuuwako ndi komwe kumakudzutsani inu. Komanso ganizani, galu wanjala ndi amene amathamangira kanyama koponyedwa ndi wakuba. Mudyetseni madzulo asanayambe ulonda, masana mumumasule ayendeko nanu.

*Ndine mtsikana wa ku Limbuli, galu wanga wachikuda ali ndi miyezi 8 ndipo wayamba kudontha magazi, agalu amphongo a mudzi onse adzaza pakhomo usiku sitigona. Ena akuti ndikamukweretse kwa German Shepherd ndidzagulitse ana, ena akuti ndimubayitse jakisoni wolera wa amayi uja. Ndipange ziti?*

Achemwali zonse ziwirizi ndikukanizani. Magaziwo si matenda, ndi nyengo yake yoyamba yofuna amphongo, imatenga masabata awiri kapena atatu ndipo imabwera pafupifupi miyezi 6 iliyonse. Koma pa miyezi 8 iye akadali mwana, mafupa sanakhwime, akatenga bere pano akula mopinimbira ndipo nthawi zambiri sadziwa n'kusamala ana omwe. Ngati mukufunadi ana dikirani akwane chaka ndi theka kupita m'tsogolo. Bere la galu ndi masiku 63 kapena kusiyana pang'ono, ndiye mukalemba tsiku lokweredwa mudziwa nthawi yokonza malo. Ndipo wamphongoyo asakhale wamkulu kwambiri kuposa wanuyo, ana amatha kukula m'mimba n'kukanika kutuluka, pakati pa usiku ku Limbuli opaleshoni mukaipeza kuti?

Ndinenenso izi poti anthu timanyoza agalu athu. Galu wachikuda amapirira kutentha, nkhupakupa ndi chakudya chathuchi kuposa achizungu ambiri, ndipo tiana togulitsa m'mbali mwa msewu tija amati German Shepherd tambiri ndi tosakaniza, topanda katemera, tolekanitsidwa ndi mayi tisanakwane. Bizinesi ya ana agalu ikamachitika bwino imadya ndalama kaye, chakudya, mankhwala a njoka, katemera, musaione ngati ya phwii.

Jakisoni wa amayi uja ndiye woopsa zedi, amatha kuyambitsa mafinya m'chiberekero cha galu, mumangoona akumwa madzi kwambiri, mimba yatupa, sakudya, mwina mafinya akutuluka kumaliseche, akapanda kuchitidwa opaleshoni amafa. Ngati simukufuna ana njira yabwino ndi opaleshoni yotseka kwa dokotala wa ziweto, kamodzi basi mwathana nazo, ndipo wamphongo kumufula. Sizichotsa ukali wolondera ngati mmene ena amanenera. Panopa mutsekereni m'nyumba kapena m'khola lolimba mpaka nyengoyi ithe. Akapezeka kuti wakweredwa ndipo amatirirana musawamenye kapena kuwakoka, amasiyana okha pakapita mphindi zingapo mwina mpaka theka la ola, kukokako kumawavulaza onse awiri. Agalu oyendayenda amapatsirananso chotupa china kumaliseche pokwerana, chimaoneka ngati kanyama kofiira kotuluka magazi osaleka, chimenecho chimachizika ndi majakisoni a sabata ndi sabata kwa a vetenale ndiye mukachiona musamutaye galu.

Wina wa ku Bvumbwe anafunsa ngati oilo wakuda wa galimoto amachiza mphere. Ayi bambo, amawotcha khungu ndipo galu akanyambita amalowa m'thupi. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoganizira naye wapha agalu ambiri, funsani alangizi mankhwala ndi muyezo wake. Mukaona galu wa nkhupakupa zambiri wafooka, nkhama zayera, mkodzo wofiirira, ndi matenda a nkhupakupa amenewo ndipo safuna kugoneka.

*Mwana wanga wa zaka 6 walumidwa pa dzanja ndi kagalu ka aneba dzana, bala ndi laling'ono ngati kukanda chabe. Agogo ake anawotcha ubweya wa kagaluko n'kupaka. Kagaluko sitikudziwa ngati kanabayidwa, akuti masiku ano kakungoluma chilichonse ndi mitengo yomwe. Tili ku Thekerani, kuchipatala n'kutali. Tidikire tione?*

Bambo, inu ndakuyankhani kale pafoni tsiku lomwe munalemba koma ndikubwereza pano kuti ena amve. Musadikire, nyamukani lero ndi mwanayo. Kukula kwa bala sikutanthauza kanthu pa nkhani ya chiwewe, kachilombo kali m'malovu ndipo pokandika pang'ono pomwepo pakwana. Kagalu koluma mitengo ndi chilichonse ndi chizindikiro choipa kwambiri, ndipo tiana ta agalu nato timadwala chiwewe, ambiri amapusitsika poganiza kuti n'kusewera. Enanso sachita ukali n'komwe, amangokhala duu, chibwano chagwa, dovu likuchucha, anthu n'kumapisa dzanja kukamwa kufuna fupa loti latsamwa.

Chovuta ndi chiwewe n'choti chimabisala, bala limapola, pamatha mwezi umodzi mpaka itatu munthu ali bwinobwino nthawi zina kuposera apo, koma zizindikiro zikangoyamba monga kuopa madzi ndi kusokonezeka palibenso mankhwala. Katemera amagwira ntchito pokhapokha aperekedwe zisanafike pamenepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15, ana ngati wanuyu amene amakonda kunyamula tiagalu ndipo ena amabisa kuti alumidwa poopa kukalipiridwa.

Agogo anachita mwa chikondi sindikuwanyoza, koma ubweya wowotcha, tsabola kapena zitsamba sizipha kachilomboka. Choyamba munthu akalumidwa ndi kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu, sopo wochapira yemweyu, kenako kuchipatala. Ngakhale papita masiku awiri tsukanibe. Yambani pa chipatala chaching'ono chapafupi akulozereni komwe kuli katemera, kaya ku chipatala cha boma ku Thyolo kaya ku Malamulo, a ku Mulanje kuli cha boma ndi cha mishoni. Jakisoni wake si mmodzi, amabaya kangapo pa masiku osiyana amene akulemberani m'buku, thiransipoti ikavuta bwerekani koma mumalize onse. Dziwitsaninso alangizi a ziweto ndi amfumu za kagaluko, katsekeredwe posafika ana ndi ziweto, akakayang'anire masiku 10, koma katemera wa mwana asadikire masiku amenewo. Kakafa musakagwire ndi manja, a vetenale amafuna mutu wake kuti akayeze. Funsaninso ana onse a mudzi amene anasewera nako ngati pali wina anakandidwa kapena kunyambitidwa pa chilonda.

Kwa tonse oweta, katemera wa chiwewe ndi kuyambira miyezi itatu kenako chaka ndi chaka, amphaka omwe, ndipo pa kampeni amabaya ndi tiana tomwe. Agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera matendawa amasowa podutsa. Mu 2015 a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, anthu atanyamula agalu awo pamzere m'masukulu, ndiye si zoti sizingatheke kwathu kuno. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 September, mvetserani zolengeza za alangizi kudera kwanu ndipo khadi la katemera mulisunge pamodzi ndi mabuku a kuchipatala. Bambo a ku Thekerani mundilemberenso mwana akalandira jakisoni womaliza.