Hotela m'nyumba ya masisitere: kodi si kunyoza?

Mayi wina wandilembera imelo ataona chithunzi cha Fontevraud ku France. Akuti: "Ndamva kuti nyumba yakale ya masisitere ija inasanduka hotela. Kodi si kunyoza malo opatulika?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma hotelayo siinathamangitse munthu. Masisitere anachotsedwamo kalekale, mu 1792, pa nthawi ya chipwirikiti chomwe chinagwetsa ufumu wa France.

Malowa anawayambitsa mu 1101 ndi mlaliki woyendayenda, Robert d'Arbrissel. Amonke ndi masisitere ankakhala pamalo amodzi, aliyense kumbali kwake, koma wolamula onsewo anali mayi. Woyamba anali Pétronille de Chemillé mu 1115, ndipo onse pamodzi anakwana 36. Tangoganizani, abambo a mikanjo kugonjera mayi zaka zoposa 600! M'tchalitchimo muli ziboliboli za pamanda za mfumu Henry II ya England, mkazi wake Eleanor wa ku Aquitaine ndi mwana wawo Richard. Eleanor wagona chagada, buku lotsegula lili m'manja, ngati tulo sitinamupeze.

Ngati pali chonyoza, n'chimene chinabwera pambuyo pake. Mu 1804 Napoleon, wolamulira France pa nthawiyo, analamula kuti malowa akhale ndende. Tchalitchi anachigawa n'kusanjamo zipinda zogona akaidi, ndipo ena mwa iwo ankakhalira kupanga mabatani a zigoba za nkhono. Ndendeyo inatsekedwa mu 1963. Komatu ine ndimati ndi ndende yomweyo imene inapulumutsa makomawa. Ku Cluny, nyumba ina ya amonke ku France komweko, komwe kunali tchalitchi chachikulu koposa, anagulitsa malowo, anthu n'kumaphwasula miyala kukamangira zawo. Ku Fontevraud boma linkafuna denga losadontha ndi mpanda wolimba, ndiye zinatsala.

Kuyambira 1975 ndi malo a zachikhalidwe, kumachitika zoimbaimba ndi zionetsero. Hotela mukunenayo siili m'tchalitchi ayi, ili ku Saint-Lazare, chigawo chomwe ankasamaliramo odwala khate. Pamene pankagona osalidwa, lero anthu amalipira kuti agonepo. Mu 2021 anatsegulanso nyumba yoonetsera zojambula zamakono.

Mukadzafikako, mayi, musadzathamangire manda okha. Mudzazungulire kuseri mukaone khitchini yakale ya miyala, yokhala ndi machumuni ambirimbiri ndi denga looneka ngati mamba a nsomba. Akatswiri ena amati inali yowambiramo nsomba.