Mfuti zinali mbwee, chosowa chinali jombo ndi chakudya

Achimwene, mwafunsa kuti asilikali oyenda pansi pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ankapatsidwa zida zanji. Ife a kuno ku Zomba nkhondoyi siyachilendo, malire ali tsidya lina la nyanja ya Chilwa pompa.

Kuyambira 1977 mpaka 1992, mfuti ya msilikali wamba inali AK-47, mbali zonse ziwiri, ya boma ndi ya gulu loukira boma la Renamo. Boma la Frelimo linkailandira kuchokera ku Soviet Union ndi maiko ogwirizana nalo, mpake ili pa mbendera yawo mpaka lero. Magazini yake imalowa zipolopolo 30, ndipo ngakhale ilowe mchenga kapena matope imawombabe. Mnyamata wongogwidwa kumudzi ankaphunzira kuimasula ndi kuibwezera m'masiku ochepa. Pagulu pankakhalanso wonyamula RPG-7, yoyika paphewa yophulitsira magalimoto, ena ndi mfuti yachiwaya ya PK ndi timizinga ta mortar.

A Renamo, omwe anthu ankawatcha Matsanga, poyamba ankathandizidwa ndi Rhodesia (Zimbabwe ya lero), ndipo kuyambira 1980 South Africa ya tsankho ija inatenga udindowo. Iwonso ankapatsidwa ma AK omwewo, chifukwa zipolopolo akanatha kulanda kwa mdani. Chimene chinkawapatsa mphamvu kwenikweni, m'kuona kwanga, chinali mawailesi olumikizirana omwe South Africa inawapatsa. Lamulo lochokera ku likulu lawo ku Gorongosa linkafika kumagulu a kutali m'tchire.

Koma musaganize za msilikali wovala bwino ngati amene timawaona akuguba ku Cobbe Barracks. Asilikali a boma ankatha miyezi osalandira malipiro, chakudya chosafika, jombo zitang'ambika. A Renamo ambiri ankayenda chosavala nsapato, atavala nsanza, chakudya akulanda m'midzi, katundu akusenzetsa anthu wamba. Pofuna kusunga zipolopolo ankapha ndi zikwanje ndi nkhwangwa. Chakumapeto kunabwera a Naparama m'chigawo cha Zambezia, gulu la anthu a m'midzi lolimbana ndi Renamo, onyamula mikondo basi, akukhulupirira kuti mphini zawo zimasandutsa chipolopolo madzi.

Chida choipitsitsa chinali mabomba okwirira pansi, m'njira, pazitsime, m'minda. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, koma dziko la Mozambique linalengezedwa kuti latha kuchotsa mabombawa mu 2015. Ma AK ambiri sanabwezedwe, ndipo ena anadutsa malire n'kugwera m'manja mwa mbava kuno kwathu.