Kagetsi kakuyaka koma sikirini ili bii: kodi ndigule batire lina?

FUNSO: Ndili ndi laputopu imene ndakhala ndikugwiritsa ntchito kwa zaka zinayi. Kuyambira sabata yatha, ndikadina batani loyatsira, kagetsi kake kamayaka ndipo fani imamveka ikuzungulira, koma pa sikirini sipaoneka kanthu, ndipo nthawi zina imazimiratu pakangopita masekondi ochepa. Anzanga akundiuza kuti batire latha ndigule lina, koma ndikuopa kutaya ndalama pachabe, komanso zolemba zanga zonse za kusukulu zili momwemo. Ndichite chiyani?

YANKHO: Musafulumire kugula batire. Malinga ndi mmene mwafotokozera, magetsi akulowa m'makinawo, chifukwa laputopu yopanda moto sipereka chizindikiro chilichonse, kagetsi sikayaka ndipo fani sigwedezeka n'komwe. Laputopu zambiri zimayaka ndi tchaja yokha ngakhale batire litafooka kwambiri, choncho vuto lanu likuoneka kuti lili patsogolo pang'ono, pamene makina amadzifufuza okha asanaonetse chithunzi. Ndikutsindika zimenezi chifukwa anthu ambiri amagula batire, kenako tchaja, koma vuto lili pomwepo, pamene kumvetsera ndi kuyang'anitsitsa kwa mphindi zisanu kukanawaunikira koyambira.

Yambani ndi chinthu chosafuna ndalama. Zulani tchaja, chotsani chilichonse chobayidwa m'mbali monga fulashi, mbewa (mouse) ndi memori khadi, ndipo ngati batire lake ndi lochotseka, lichotseni. Kenako dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kuti moto wotsalira m'kati uthe. Bwezerani tchaja yokha ndi kuyatsa. Njirayi imaoneka yachibwana, koma imadzutsa makina ambiri amene anangokakamira pakati pogona ndi kudzuka. Laputopu zina za Lenovo ThinkPad zimene batire lake lili m'kati zili ndi kabowo kakang'ono kunsi, kamene mumabayamo kawaya kowongoka kuti muchite zomwezi.

Tchaja nayonso iyang'aneni, ngakhale sindikuikayikira kwambiri. Werengani manambala olembedwa pa tchajayo ndi kuwayerekeza ndi amene ali kunsi kwa laputopu: za Dell ndi HP zambiri zimafuna 19.5V, za Lenovo zambiri 20V, ndipo tchaja ya 45W ikhoza kulephera kuyendetsa makina ofuna 65W kapena 90W. Ngati tchaja ili ndi kagetsi kamene kamayaka bwino pa soketi koma kamazima mukangoibaya ku laputopu, lekani kuyesayesa, chifukwa nthawi zambiri zimenezi zimasonyeza kuti magetsi akugundana pa motherboard, thabwa lalikulu la m'kati limene zipangizo zonse za laputopu zimalumikizidwapo.

Tsopano tifike pa sikirini, pamene ndikuganiza kuti pali yankho lanu. Yatsani laputopu m'chipinda chamdima, muwunike pa sikirini ndi tochi ya foni mopendeketsa, nkhope yanu ili pafupi. Mukaona chizimezime zilembo kapena chizindikiro cha kampani, ndiye kuti kompyuta ikugwira ntchito, chafa ndi nyali younikira kuseri kwa sikirini kapena kachingwe kamene kamadutsa m'mahinji. Yesaninso kuilumikiza ku wailesi yakanema ndi chingwe cha HDMI; chithunzi chikatuluka kumeneko, mtima ukhale m'malo, ndipo mutha kukopera zolemba zanu tsiku lomwelo. Dinaninso batani la Caps Lock muone ngati kagetsi kake kakuyaka ndi kuzima mogwirizana ndi chala chanu, chifukwa kakamamvera ndiye kuti ubongo wa makinawo uli maso.

Ngati zonsezi sizikuonetsa kanthu, amene ndingamukayikire kwambiri ndi RAM, timatabwa timene kompyuta imasungamo zinthu kwakanthawi pamene ikugwira ntchito. Timatabwa timeneti tikasuntha pang'ono chifukwa cha kugwa kapena kugwedezeka m'chikwama, laputopu imachita ndendende zimene mwalembazi: fani kuzungulira, mdima, kenako kuzima. Opanga makina anaikamo njira yodandaulira, moti za HP zimaphethira kagetsi ka Caps Lock, pamene za Dell zimasinthanitsa kuwala koyera ndi kwachikasu, ndipo chiwerengero cha kuphethirako chili ndi tanthauzo lolembedwa m'buku la mtundu wa laputopu yanu. Werengani kuti kakuphethira kangati, mulembe papepala. Ngati chivundikiro chakunsi chimatsegulika mosavuta, zulani tchaja ndi batire, gwirani chitsulo china kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke, kankhirani kunja timanja tiwiri togwira RAM, muichotse mutaigwira m'mphepete, ndipo muibwezere mpaka imveke kuti thapu. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodzi imodzi. Dziwani kuti laputopu zambiri zopyapyala zili ndi RAM yowotcherera pa motherboard, yosachotseka, ndipo ngati waranti idakalipo, ndi bwino kufunsa ogulitsa musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachitengere mwamasewera. Mukaona kuti kunsi kwa laputopu kwafufuma, kapena touchpad (malo oyendetsapo chala aja) yatukuka osadinikanso, batire latupa. Musalipsinje, musaliboole, musalitchajenso, chifukwa mabatire a lithium otupa amatha kuyaka moto. Pitani nayo kwa mmisiri. Chimodzimodzinso ngati munatayikira madzi kapena mukumva fungo la chinthu chopserera.

Za zolemba zanu, musataye mtima. Mafayilo amakhala pa hard disk kapena SSD, ndipo vuto la RAM, sikirini kapena motherboard kawirikawiri siliwakhudza. Mmisiri akhoza kuichotsa ndi kuiwerenga pa kompyuta ina, pokhapokha ngati ili yowotcherera, kapena yotsekedwa ndi BitLocker (loko wa Windows woteteza mafayilo), pamene pafunika kiyi ya manambala 48 imene nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Popereka laputopuyo, mufotokozereni zonse zimene mwayesa, mumupatse kapepala ka kuphethira kuja, ndipo mumuuze momveka bwino kuti asafufute kanthu kapena kuikamo Windows yatsopano asanakufunseni.