Mafunso pa Chichewa: "tazipereka" kapena "tadzipereka" kwa Mulungu?

Mtsogoleri wa kwaya ina ku Namwera walemba kuti: "Tikufuna kudinditsa matisheti, ndipo kumsana kulembedwe kuti 'Tazipereka kwa Mulungu ndi mtima onse.' Mlembi wathu akuti pali cholakwika, ena akuti ndi mmene timayankhulira. Tidinditse?"

Musadinditse kaye, bambo. Mlembi wanu akunena zoona, ndipo zolakwikazo zilipo ziwiri. Mulembe kuti "Tadzipereka kwa Mulungu ndi mtima wonse."

Tiyambe ndi chachikulu. Mphatikiram'kati -dzi- amabweza ntchito ya mneni kwa mwini wake woichita. Mayi amene mpeni wamuterereka potumbula chambo amati "ndadzicheka". Koma -zi- amaimira zinthu zimene zatchulidwa kale: nsomba zija ndazigulitsa, ndalama zija ndazipereka. Ndiye wowerenga kumsana kwa woyimba wanu kuti "tazipereka" ali ndi ufulu wofunsa kuti mwapereka chiyani, mbuzi kapena ndalama za chakhumi? Munthu akhoza kuponya chopereka m'mbale, nanena moona kuti "ndazipereka", mtima uli kwina. Wonena kuti "ndadzipereka" akutanthauza kuti chopereka chake ndi iye mwini, ndipo sanatsaleko kanthu kobwerera nako kunyumba. Pa 2 Akorinto 8:5 Paulo anayamikira Akhristu a ku Makedoniya pa chinthu chomwechi: asanasonkhe thandizo la anzawo, anayamba adzipereka okha kwa Ambuye. Zimene kwaya yanu ikufuna kunena ndi zimenezi, ndipo zonse zagona pa lembo d.

Pali -zi- wina amene amasokoneza anthu ambiri, uja wolamula kapena wolangiza kuti chinthu chizichitika nthawi zonse: muzipemphera, uzimvera makolo. Apa cholakwika chimayenda chobwerera. Anthu amaikamo d posafunikira, ndipo pa WhatsApp pamadzaza mauthenga akuti "mudzikonda Mulungu", "mudzipemphera". Tsegulani Buku Lopatulika pa Mateyu 22. Ndime 37 imati "Uzikonda Ambuye Mulungu wako", opanda d. Ndime 39 ndiye imaika awiriwa pamzere umodzi: "Uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini." Woyamba ndi lamulo, wachiwiri akubwerera kwa mwini. Wolemba kuti "udzikonda Mulungu" wasandutsa lamulo lalikulu koposa kukhala mawu a kudzikonda, chinthu chimene Chichewa chimachitchula ponena munthu woipa mtima, wosalabadira anzake. Ine zimenezi zimandiwawa ndikaziona pa nsalu yopachika kutsogolo kwa tchalitchi.

Njira yodziyesera ndi iyi. Ngati wochita ndi wochitidwa ali munthu mmodzi, lembani dz. Ngati mawuwo mungawasinthe n'kunena kuti "muyenera kumachita", lembani z yekha. Awiriwa amathanso kukhalira limodzi m'mneni mmodzi, -zi- patsogolo, -dzi- pambuyo pake: muzidzipereka, uzidzichepetsa pamaso pa Mulungu.

Anzanu aja akuti ndi mmene timayankhulira sakunama. Ambiri poyankhula d samveka, ndipo pokamba nkhani pa khonde palibe amene amasochera. Ndiponso inu a ku Namwera kusiyanaku mumakudziwa kale, chifukwa m'Chiyawo kudzipereka ndi kulipeleka, ndipo -li- ameneyo simumuphonya. Koma mawu a pakamwa amathandizidwa ndi nkhope, manja ndi nkhani imene ikukambidwa. A pa tisheti amaima okha, ndipo adzavalidwa zaka zingapo.

Cholakwika chachiwiri n'chosavuta. Mtima ndi dzina la m'gulu la Mu-Mi, mgwirizanitsi wake ndi u, ndiye timati mtima uwu, mtima wanga, mtima wonse. Moyo chimodzimodzi: moyo wonse. "Onse" ndi wa anthu onse, madzi onse, masiku onse. Marko 12:30 amatha kukhala phunziro la mgwirizanitsi payekha, pakuti mumapezeka mtima wonse, moyo wonse, nzeru zonse ndi mphamvu yonse. Palibe amene amati "mtima anga", ndiye "mtima onse" usaloledwenso.

Mphunzitsi wa Sande sukulu ku Malindi akufunsa za Baibulo la agogo ake, lolemba "cikondi" ndi "nchito", pomwe la mnzake limati Chauta pamene lawo likuti Yehova. Ana awaphunzitse ziti?

Aphunzitsi, Baibulo la agogolo musaliyese lolakwika. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, pa ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo nthawi imeneyo c ankaimira liwu limene lero timalemba ch. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo ndi kalembedwe kameneko kamene kanatipatsa "chikondi" ndi "ntchito". Katchulidwe sikanasinthe. Ana aziwerenga la agogolo momasuka, koma polemba azitsata za kusukulu. Za Chauta, limenelo ndi dzina lakale la makolo athu, ndipo omasulira Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anagwirira limodzi, analisankha pa dzina la Mulungu la m'Chihebri. Akatolika asanakhale ndi limeneli ankawerenga Malembo Oyera a 1966. Ana aziloweza mavesi kuchokera m'Baibulo limene mpingo wanu umawerenga pa guwa, kuti zimene aloweza zizigwirizana ndi zimene akumva Lamulungu.

Mayi wina wa kwa Mponda akuti mwana wake ananena kuti "ndimamukonda Mulungu", iwo n'kumudzudzula kuti si ulemu, azinena kuti "ndimawakonda". Akufuna kudziwa ngati anachita bwino.

Amayi, khutu lanu ndi la Mchewa weniweni, lozolowera kuti wamkulu satchulidwa ndi -mu-. Komabe mwanayo sanalakwe. Ponena za Mulungu, Buku Lopatulika limati Iye, ndipo mibadwo ya Akhristu yakula ikunena kuti kumukonda, kumutumikira, kumuopa, popanda wina kumvamo chipongwe. Ine ndimakonda -mu- pa dzina la Mulungu chifukwa amamveketsa kuti ndi mmodzi. Maina akuti Ambuye ndi Atate ali kale ndi a waulemu, n'chifukwa chake pakamwa pamabwera mosavuta "ndimawakonda Ambuye", ndipo zimenezo n'zabwinonso. Chofunika n'kusasakaniza m'chiganizo chimodzi, monga "ndimamukonda chifukwa iwo ndi abwino". Pamene ulemu sungasiyidwe ndi poyankhula naye m'pemphero. Pamenepo ndi Inu basi: ndimakukondani, ndadzipereka kwa Inu. Mukamva mwana akuti "ndimakukonda Mulungu" ali chogwada, mukonzereni mofatsa.

Funso lotsiriza lachokera ku Makanjira: kodi "ndi mtima umodzi" n'chimodzimodzi ndi "ndi mtima wonse"? Ayi, achimwene. Mtima umodzi umanena za gulu logwirizana, monga mpingo ukamapemphera popanda magawano. Mtima wonse umanena za munthu amene sanasungeko mbali ina. Wotsutsana naye ndi uja Yakobo 1:8 amamutcha wa mitima iwiri, amene patokha timati wapawiripawiri. Ngati nyimbo yanu ikukamba za umodzi wa mpingo, imbani "ndi mtima umodzi". Ngati ndi lonjezo la munthu kwa Mulungu wake, imbani "ndi mtima wonse", ndipo w ameneyo amveke.